Ufa woyera wa m'kabati mwathu: mbiri ya tryptophan

 Ndakhala chete nthawi yaitali, ndikudziwa. Teremu yathayi inali yolemetsa, ndipo amene munaphunzira kuno kufupi ndi nyanja ya Chilwa mukudziwa mmene kutentha kwa mwezi wa October kumafoolera munthu. Lero ndabwera ndi nkhani ya botolo limodzi. Ndi laling'ono, lokwana m'dzanja, koma landiwerengetsa mabuku kuposa mmene ndinawerengera pokonzekera mayeso a dipuloma.

Tinkakonza m'chipinda chosungira zipangizo za labotale, ine ndi ana atatu a Fomu 4. Kuseri kwa mabikala osweka tinapeza botolo lofiirira, fumbi lili mbuu. Pepala la dzina mphemvu zinali zitadya theka, koma mawu akuti L-Tryptophan ankawerengeka. Tsiku limene linabwera silinalembedwe paliponse, ndipo m'buku la katundu munalibe. Ufa wa mkatimo, umene umayenera kukhala woyera, unali utayamba chikasu ndi kuumbana timibulu.

Monga mphunzitsi amene sataya mpata, ndinayamba kufotokoza. Ndinati mapuloteni amamangidwa ndi timagawo totchedwa amino acid, tilipo 20, ndipo 9 mwa ito thupi silingapange lokha, timachokera m'chakudya. Ndinati tryptophan ndi mmodzi mwa 9 amenewo, ndipo m'chimanga ndi wochepa kwambiri, n'chifukwa chake munthu wodya nsima yopanda ndiwo zabwino kwa miyezi yambiri khungu lake limada ndi kusuka ngati lapsa. Ndinanyadira kuti ndaphunzitsa bwino.

Anzake atapita, mtsikana mmodzi anatsalira. Anaima pakhomo, manja kumbuyo.

"Sala, kwathu kuli mayi anga aang'ono. Pakhosi ndi kumbuyo kwa manja kwada ngati mmene mwafotokozeramu, ndipo akutsekula m'mimba. Mwati chimene chikusowa mu nsima ndi ufa umenewu. Bwanji mundigawireko masupuni awiri okha ndikawathirire m'phala?"

Ndinakana. Ndinati, "Ayi mwanawe, za mu labotale sitidya." Anagwada pang'ono n'kutuluka, koma nkhope yake inandiuza kuti wandiona ngati munthu woumira. Usiku umenewo sindinagone bwino. Funso lake linali lanzeru, ndipo linachokera pa zimene ndinamuphunzitsa ine ndemwe. Yankho langa linali lamulo chabe, lopanda chifukwa. Zimene ndalemba pansipa ndi chifukwa chimene ndinayenera kumupatsa tsiku lomwelo.

Chinayambira pa asidi wosayera

Ma amino acid anapezeka limodzilimodzi. Woyamba, asparagine, anapezedwa ku France mu 1806. Glycine anatsatira mu 1820. Tryptophan anachedwa, chifukwa asidi wamphamvu amene akatswiri ankaphwanyira mapuloteni ankamuwononga. Anamupeza mu 1901 ku Cambridge, ku England, anali Frederick Gowland Hopkins ndi Sydney Cole, ndipo anamuchotsa m'puloteni ya mkaka yotchedwa casein.

Njira imene anadzera ndi yoti aliyense wosunga mankhwala a labotale aimve. Panali kale kayezedwe kena ka mapuloteni kogwiritsa ntchito acetic acid ndi sulphuric acid, kamene kankatulutsa mtundu wa pepo. Nthawi zina kankatheka, nthawi zina ayi. Hopkins ndi Cole atafufuza anapeza kuti chobweretsa mtunduwo sichinali acetic acid konse, koma kachinthu kena, glyoxylic acid, kamene kankapezeka m'mabotolo ena a asidiyo monga litsiro. Ndiye kuti kwa zaka zambiri anthu ophunzira bwino ankakhulupirira dzina lolembedwa pabotolo, pamene ntchito inkagwiridwa ndi chinthu chimene sichinalembedwe. Sungani mfundo imeneyi, tiibwerera.

Mu 1906 Hopkins ndi Edith Willcock anadyetsa mbewa zein, puloteni yaikulu ya m'chimanga, popanda puloteni ina. Mbewazo zinafooka n'kufa msanga. Zimene anaziwonjezera tryptophan zinakhala ndi moyo masiku ochulukirapo. Kwa ife amene timati sitinadye ngati sitinadye nsima, mbewa zimenezo zinkanena za ife.

Matenda a anthu osauka

Matenda amene mtsikana uja anafotokoza dzina lake ndi pelagra. Dokotala wa ku Spain, Gaspar Casal, anawafotokoza mu 1735 pakati pa alimi osauka odya chimanga, ndipo mpaka lero chizindikiro cha khungu lakuda lozungulira khosi ngati mkanda chimatchedwa ndi dzina lake. Dzina loti pelagra ndi la Chitaliyana, kutanthauza khungu lokhakhala. Zizindikiro zake ndi khungu lakuda ndi losuka pamalo pamene dzuwa limawomba, kutsekula m'mimba, kusokonezeka kwa mutu, ndipo kumapeto imfa ngati munthu sathandizidwa.

Chodabwitsa n'chakuti ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, matendawa sanali ofala. Anthu a kumeneko amaphika chimanga m'madzi a laimu kapena a phulusa asanachipere, ndipo zimenezi zimamasula vitamini wotchedwa niacin amene m'chimanga amakhala womangika. Chimanga chinawoloka nyanja kupita ku Ulaya ndi kuno ku Africa, koma kaphikidwe kameneka kanatsala kwawo. Ife chidulo timachidziwa, koma timathira m'therere, osati m'chimanga.

Musaganize kuti iyi ndi mbiri ya kutali. Dokotala wa boma la atsamunda, Hugh Stannus, analemba za pelagra mu 1912 ataona matendawa pakati pa akaidi a m'ndende ya Zomba, tauni yomweyi imene timakalandirako malipiro. Nthawi imeneyo madokotala ambiri padziko ankakhulupirira kuti pelagra imabwera ndi kachilombo kapena ndi chimanga chovunda.

Amene anaphwanya chikhulupiriro chimenechi ndi Joseph Goldberger wa ku America, amene boma lake linamutuma mu 1914 kukafufuza mliri wa pelagra kumwera kwa dzikolo. Kumeneko, pakati pa 1906 ndi 1940, anthu pafupifupi 3 miliyoni anadwala ndipo pafupifupi 100,000 anamwalira. Goldberger anaona kuti m'nyumba za ana amasiye ndi m'zipatala za amisala odwala anali okhalamo, koma anamwino ndi ogwira ntchito ayi. Kachilombo kotani kamene kamasankha anthu chonchi? Atawapatsa mkaka, nyama ndi mazira, matenda anatha. Mu 1915 anachita chosemphana: akaidi odzipereka a ku Mississippi anawadyetsa zakudya zodalira kwambiri chimanga, ndipo ena mwa iwo anayamba pelagra. Anthu atakanabe, mu 1916 iye, mkazi wake ndi anzake anadzibaya magazi a odwala, koma palibe anadwala. Goldberger anamwalira mu 1929 asanadziwe dzina la chinthu chosowacho.

Mu 1937 Conrad Elvehjem wa ku Wisconsin anasonyeza kuti ndi niacin. Ndipo mu 1945 akatswiri a komweko anapeza kuti tryptophan angathe kulowa m'malo mwa niacin, chifukwa thupi limamusandutsa vitamini ameneyu. Pamafunika mamiligalamu pafupifupi 60 a tryptophan kuti papangike miligalamu imodzi ya niacin. Apa nkhani ziwiri zija zinakumana, ya mbewa za ku Cambridge ndi ya akaidi a ku Zomba. Chimanga chimatilanda kawiri: niacin wake ndi womangika, ndipo tryptophan woti thupi lipangire wina ndi wochepa.

1989 ndi 1990: kuno kusowa, uko kumwa

Zaka ziwiri izi ndi zimene zinandikhazika pansi. Ine ndinali mwana wa ku pulayimale. Nkhondo ya ku Mozambique inali pachimake, ndipo ife a ku Chilwa timadziwa kuti tsidya lija la nyanja malire sali patali. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Malawi ankasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Ambiri ankadalira chakudya chogawidwa: ufa wa chimanga, nyemba, mtedza, mafuta, shuga ndi mchere.

Mu 1989 anthu oposa 1,000 anapezeka ndi pelagra m'malo a othawa nkhondo a m'chigawo chakumwera. Kumayambiriro kwa 1990 mtedza unasiya kugawidwa kwa miyezi ingapo. Zotsatira zake, pakati pa February ndi October chaka chimenecho, anthu pafupifupi 18,000 anadwala pelagra mwa othawa nkhondo pafupifupi 286,000 a m'malo 11 amene madokotala a Médecins Sans Frontières ankayang'anira. Amayi anadwala kwambiri kuposa abambo. Ofufuza anapeza kuti amene ankadya mtedza kapena nsomba kawirikawiri, ndi amene anali ndi kadimba kawo, anali otetezeka. Mliriwu unagonja mtedza utabwereranso, anthu atapatsidwa mapilitsi a vitamini, ndi ufa utayamba kuthiridwa niacin pogaya.

Miyezi yomweyo, ku America kunkachitika zina. Kumeneko tryptophan ankagulitsidwa m'masitolo monga mapilitsi othandiza kugona ndi kuchepetsa nkhawa, popanda kalata ya dokotala. Anthu ankati ndi chinthu chachilengedwe, chopezeka mu mkaka, sichingavulaze. Mu October 1989 madokotala a ku New Mexico anaona amayi atatu amene minofu inkawawawa koopsa, ndipo m'magazi mwawo mtundu wina wa maselo oyera, ma eosinophil, unali utachuluka modabwitsa. Onse atatu ankamwa tryptophan. Mu November bungwe la boma loona za chakudya ndi mankhwala, FDA, linalamula kuti mapilitsiwo achotsedwe pamsika. Pamapeto pake anthu oposa 1,500 analembedwa kuti adwala matenda atsopanowa, eosinophilia-myalgia syndrome, ndipo osachepera 37 anamwalira. Ambiri mwa opulumuka anatsala ndi ululu ndi kulumala kwa zaka.

Kafukufuku analoza ku fakitale imodzi, ya kampani ya ku Japan yotchedwa Showa Denko. Kampaniyo inkapanga tryptophan pogwiritsa ntchito mabakiteriya. Chakumapeto kwa 1988 inayamba kugwiritsa ntchito mtundu watsopano wa mabakiteriyawo, ndipo mu 1989 inachepetsa makala apadera amene ankasefera ufawo. M'migolo imene inadwalitsa anthu munapezeka tinthu tina tochepetsetsa timene sitinayenera kukhalamo. Akatswiri akhala akutsutsana kuti mwa tinthu timeneti ndi kati kwenikweni kanayambitsa matendawo, ndipo ena amati kumwa tryptophan wambiri pakokha kunathandizira. Koma mfundo imene ine ndinatolapo ndi iyi: ufawo unali woyera kuposa magawo 98 pa 100 alionse, unadutsa muyezo wa nthawiyo, ndipo anthu anafabe. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Tsopano taganizani. Ngati ufa wopangidwira kuti anthu amwe, wotuluka m'fakitale yaikulu, unachita zimenezi, nanga wa m'kabati mwathu? Sunapangidwire kudya. Sitidziwa unabwera liti. Wakhala pansi pa malata otentha zaka zosawerengeka, wakoka chinyezi cha dzinja, wasintha mtundu. Sitidziwa kuti ndi masupuni angati anapisidwamo, ndiponso kuti supuni imeneyo inali itangochoka m'botolo liti. Pepala likuti tryptophan, inde, koma Hopkins ndi Cole anatiphunzitsa kale mu 1901 kuti pepala silinena zonse zimene zili m'botolo. Limeneli ndiye yankho limene mtsikana uja anayenera kumva.

Nanga botololo tizilisunga bwanji?

Ndisakuopsezeni mopitirira. Tryptophan, monga ma amino acid ambiri, sali m'gulu la mankhwala oopsa a mu labotale. Saphulika, satentha khungu. Akakugwerani m'manja, sambani ndi sopo basi. Koma pali zofunika kusamala, ndipo ndikulankhula makamaka kwa inu anzanga amene mumaphunzitsa Bayoloje ndi Kemisitile m'sukulu zopanda wothandiza mu labotale.

Choyamba ndi kuwala, kutentha ndi chinyezi. Tryptophan amawonongeka ndi kuwala ndi mpweya, n'chifukwa chake amabwera m'botolo lofiirira, ndipo chikasu chija ndi chizindikiro choti wayamba kusintha. Asungidwe m'kabati yotseka, pamalo pouma ndi pozizirirapo, kutali ndi zenera, chivindikiro chili chothina. Kuno kunyanja shelefu ya pamwamba pafupi ndi malata ndi uvuni, ndipo pansi pa simenti nthawi ya mvula pamatuluka thukuta. Pakati ndiye pabwino.

Chachiwiri, asakhale shelefu imodzi ndi mankhwala amphamvu monga nitric acid, potassium permanganate kapena hydrogen peroxide. Ambirife timaika mabotolo potsata alifabeti chifukwa n'kosavuta kupeza. Alifabeti sadziwa Kemisitile. Ikani potsata mitundu: ma asidi paokha pansi, ma alkali paokha, oyaka paokha, maufa wamba paokha.

Chachitatu, fumbi lake lisapumidwe kapena kulowa m'maso. Tapani pang'ono ndi supuni yoyera ndi youma, ndipo wotsala musabwezere m'botolo. Wotayika pansi mupukute ndi nsalu yonyowa, osati kusesa ndi tsache. Musamutenthe pamoto m'chipinda chotseka, chifukwa akapsa amatulutsa utsi woipa wokhala ndi carbon monoxide ndi mipweya ya nitrogen.

Chachinayi, ndipo ichi n'chimene ambiri timaiwala: choopsa chenicheni pa phunziro la mapuloteni si amino acid, ndi mankhwala oyezera. Kayezedwe ka Hopkins ndi Cole kamafuna sulphuric acid wosasungunula. Ka xanthoproteic kamafuna nitric acid, amene amasiya chikasu pakhungu chifukwa khungu lathunso ndi puloteni. Ninhydrin amadetsa zala ndi mtundu wa pepo kwa masiku angapo. Ka biuret, kamene ana athu amachita kawirikawiri, kali ndi sodium hydroxide amene angawononge diso. Ndipo ngati m'kabati mwanu muli botolo lakale la Millon's reagent, dziwani kuti muli mercury. Limenelo ana asaligwire, ndipo musalitaye m'sinki kapena kudzala. Madzi athu onse amathera ku Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulukira, ndipo zimene talowetsamo zimatsala momwemo pamodzi ndi matemba amene timadya. Lembani kalata kwa ahedi, iwo adziwitse akuluakulu a zamaphunziro. Mankhwala akalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako kuchipatala. Choncho ndowa ya madzi oyera ikhale m'chipindamo phunziro lisanayambe, osati kuthamangira kumjigo ngozi itachitika.

Chachisanu ndi pepala ndi buku. Lembani dzina, tsiku lobwera ndi tsiku lotsekula, n'kumata selotepi pamwamba kuti mphemvu zisadye. Botolo lopanda dzina silinunkhizidwa, sililawidwa, limaikidwa pambali. Ndipo mankhwala asathiridwe m'botolo la zakumwa kapena m'chitini cha mkaka, ngakhale kwa tsiku limodzi. Ufa woyera m'chitini cha mkaka, pasukulu pamene ana ena abwera osadya, ndi msampha.

Mankhwala anali m'nyanja

M'mawa mwake ndinamuitana mtsikana uja. Ndinamufotokozera za ku New Mexico ndi za mtedza wa mu 1990, mwachidule. Kenako ndinati awatengere mayi ake aang'onowo kuchipatala, chifukwa pelagra imachizika ndi mapilitsi a nicotinamide otsika mtengo, ndiponso chifukwa si khungu lakuda lililonse limene lili pelagra. Pali chinanso chimene a chipatala okha angaone. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid amasokoneza kasandutsidwe ka tryptophan kukhala niacin, ndipo kuno ku Malawi pelagra inaonekanso pakati pa anthu ena amene anayamba kumwa mankhwalawa popewa TB kuyambira mu 2017. Mowa wambiri nawonso umabweretsa matendawa. Wodwala asasiye yekha mankhwala alionse, akafunse.

Anapita. Anapatsidwa mapilitsi, ndipo anauzidwa kuti azidya nsinjiro, nyemba, nandolo, mazira ndi nsomba. Patatha milungu ingapo mtsikanayo anandiuza kuti kutsekula m'mimba kwasiya ndipo khungu layamba kubwerera. Chimene chinandipweteka n'chakuti banja limenelo limakhala ulendo wa ola limodzi kuchokera padoko la Kachulu. Matemba amadutsa pakhomo pawo tsiku ndi tsiku panjinga, kupita ku Zomba ndi ku Limbe, koma ndalama yogulira palibe. Goldberger anaona zomwezi zaka 100 zapitazo, kuti gwero la pelagra ndi umphawi. Ndipo ife tikudziwa zimene zimachitika nyanja ikaphwa, monga mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018: ndiwo zimasowa, nsima imatsala yokha ndi masamba owiritsa. M'zaka zotero, aphunzitsi anzanga, tiziyang'ana makosi ndi manja a ana athu m'kalasi.

Botolo lija ndalimata pepala latsopano. Ndalemba dzina, tsiku limene tinalipeza, ndi mawu akuti "Lakale, losadyedwa, losagwiritsa ntchito." Lili m'kabati yokhoma, ndipo kiyi ali ndi ine. Chaka chilichonse ndizilitulutsa kamodzi kwa a Fomu 3, osatsekula, n'kuwafotokozera mbiri yonseyi kuyambira pachiyambi, osati theka ngati mmene ndinachitira tsiku lija.

Inu amene muli ndi makabati akale m'sukulu zanu, katsekuleni sabata ino, ndipo mundiuze zimene mwapezamo. Inu ana anga amene tsopano ndinu anamwino ndi madokotala, ngati ndaphonya penapake mundikonze, sindichita manyazi. Ndipo amene muli ku Joni, potumiza ndalama kumudzi muziwauza kuti ina agulire mtedza ndi matemba, osati thumba la chimanga lokha.